Funso: n'chiyani chinachititsa kuti maiko olamulidwa ndi Spain adzuke onse mu 1810?

Nachisale

Moni abale ndi alongo. Kunyumba kwathu nkhani ya mpira siitha m'kamwa, ndipo mnyamata wanga wa Fomu 3 amatsatira ngakhale chikho cha matimu a ku South America, Copa Libertadores. Anawerenga kuti dzina la chikhocho ndi lokumbukira anthu amene anamasula maikowo m'manja mwa Spain, monga Simón Bolívar ndi José de San Martín, komanso kuti dziko la Bolivia linatengera dzina kwa Bolívar yemweyo. Ndiye wandipanikiza ndi mafunso awiri amene ndati ndibwere nawo kuno.

Loyamba, Spain inalamulira kumeneko zaka pafupifupi 300. Zinatheka bwanji kuti m'chaka chimodzi, 1810, ku Caracas (Venezuela), ku Buenos Aires (Argentina), ku Bogotá (Colombia), ku Mexico ndi ku Santiago (Chile) onse adzuke, pomwe kunalibe foni kapena wayilesi yopanganirana?

Lachiwiri, pa zithunzi zonse omasulawo ndi azungu ovala zausilikali. Eni nthaka anali kuti? Ife tinazolowera kuti womenyera ufulu amakhala mwini dziko.

Mbewe wa ku Dedza

Mayi Nachisale, mwanayo ali ndi maso. Ndiyambe ndi funso lachiwiri, chifukwa likayankhidwa loyambalo silivuta.

Amene anatsogolera nkhondozo anali zidzukulu za atsamunda. Makolo awo anachokera ku Spain, koma iwo anabadwira ku America, ndipo ankatchedwa ma criollo. Bolívar anabadwa mu 1783 m'banja lina lolemera kwambiri la ku Caracas, la minda ya koko ndi akapolo. San Martín anagwira usilikali m'gulu lankhondo la Spain zaka zoposa 20, anamenya nawo nkhondo yolimbana ndi asilikali a Napoleon ku Bailén mu 1808, n'kubwerera ku Buenos Aires mu 1812. Anthu amenewa sankagona ndi njala. Chinkawapweteka chinali chakuti mnyamata wongotsika m'sitima kuchokera ku Spain ankapatsidwa mpando umene iwo ankauona ngati wawo.

Sizinali choncho kuyambira kale. Mpaka cha m'ma 1750 mafumu a ku Spain, posowa ndalama, ankagulitsa maudindo, ngakhale a oweruza milandu, ndipo mabanja olemera a ku Lima ndi ku Mexico ankagula. Lamulo likachokera ku Madrid, akuluakulu a kumeneko ankalilandira mwaulemu n'kuliika pambali. Zinthu zinasintha nthawi ya mfumu Carlos III, amene analamulira kuchokera mu 1759 mpaka 1788. Angerezi atalanda mzinda wa Havana ku Cuba mu 1762, mfumuyo inaona kuti maikowo sabweretsa ndalama zokwanira zowatetezera. Inatumiza José de Gálvez ku Mexico mu 1765 kukafufuza, ndipo munthu ameneyu sankawakhulupirira ma criollo. Maudindo anabwerera kwa obadwira ku Spain, okhometsa msonkho anachuluka, boma linatenga malonda a fodya kukhala ake okha. Mu 1767 ansembe a chipani cha Jesuit oposa 2,000 anathamangitsidwa ku America konse. Ambiri mwa iwo anali ana a mabanja a ma criollo, komanso ndiwo ankaphunzitsa m'masukulu abwino. Banja linkangodzuka n'kumva kuti mwana wawo wakwezedwa m'sitima ndipo sadzamuonanso.

Koma kudandaula kokha sikugwetsa boma. Anthuwa anadandaula zaka 40 akulumbirabe kuti ndi a mfumu. Ine ndimaona kuti nkhani inapsa pa zinthu ziwiri.

China chinachitika ku Buenos Aires mu 1806. Angerezi anafika n'kulanda mzindawo, ndipo bwanamkubwa woimira mfumu, Sobremonte, anathawira ku Córdoba. Amene anawapirikitsa Angereziwo anali anthu a m'deralo motsogozedwa ndi Santiago de Liniers, ndipo Angereziwo atabweranso ndi gulu lalikulu mu 1807 anagonjetsedwanso m'misewu ya mumzinda. Thandizo la Spain silinabwere, chifukwa sitima zake zankhondo zinali zitaphwanyidwa ku Trafalgar mu 1805. Anthu a ku Buenos Aires anatsala ndi mfuti m'manja, atadziwa kuti angathe kudziteteza okha.

Chachikulu chinachitika mu 1808. Napoleon anaitanira mfumu Carlos IV ndi mwana wake Fernando VII ku Bayonne, ku France, anawakakamiza kutula pansi ufumu, n'kuika mchimwene wake Joseph Bonaparte pampando. Anthu a ku Spain anakana, anakhazikitsa makomiti olamulira m'mizinda yawo, otchedwa junta, ponena kuti mfumu ikasowa ulamuliro umabwerera kwa anthu. Ma criollo anamva mawu amenewa n'kufunsa: ngati Sevilla ingadzilamulire mfumu ili m'ndende, Caracas yalakwa chiyani?

Apa ndiye pali yankho la funso loyamba. Kumayambiriro kwa 1810 asilikali a France analowa m'chigawo cha Andalucía, Sevilla inagwa, komiti yaikulu yolamulira Spain m'malo mwa mfumu inabalalika, otsala anakabisala ku Cádiz. Nkhani imeneyi inayenda pa sitima zapamadzi, ndipo mzinda uliwonse unadzuka nthawi imene unaimva. Inafika ku Caracas mu Epulo, ndipo pa 19, Lachinayi Loyera, bwanamkubwa Vicente Emparan anatulukira pakhonde kufunsa khamu ngati likumufunabe. Wansembe wina, José Cortés de Madariaga, ataima kumbuyo kwake, anakodola anthuwo kuti akane, ndipo anakanadi. Ku Buenos Aires komiti inakhala pa 25 Meyi. Ku Bogotá anasankha dala tsiku la msika, pa 20 Julayi, anakabwereka chotengera maluwa kwa wamalonda wa ku Spain, José González Llorente, n'cholinga choti akakana pabuke mkangano pamaso pa anthu. Ku Santiago zinachitika pa 18 Seputembala. Sanapangane ayi. Onse anamva za maliro amodzi.

Muuzenso mwanayo kuti makomiti oyambawo ankati akusungira Fernando VII ufumu wake. Mawu oti ufulu wodzilamulira anabwera pambuyo. Venezuela ndiyo inayamba kuwalengeza, pa 5 Julayi 1811.

Tembo ku Harare

Bambo Mbewe afotokoza bwino, koma za eni nthaka azidumpha, ndipo mayiwa anafunsa zimenezo.

Ife okhala kuno nkhaniyi siyachilendo. Pa 11 Novembala 1965 Ian Smith analengeza kuti Rhodesia yachoka m'manja mwa Britain, ndipo ankautcha ufulu. Agogo anga, amene anabwera kuno kudzagwira ntchito m'mafamu kuchokera ku Nyasaland, sanauone ufulu umenewo. Sindikunena kuti Bolívar anali Smith, chifukwa m'magulu ake munali anthu akuda ndi osakanizika ambiri, ena mpaka anakhala akuluakulu a asilikali. Koma amene ankakangana pachiyambi anali mwana wa mtsamunda ndi kwawo kwa bambo ake, ndipo ankakanganira munda wa munthu wina.

Eni nthaka anali atadzuka kale, zaka 30 m'mbuyo mwake. Ku Peru kunali mfumu ya midzi ya Tungasuca ndi madera oyandikana nayo, José Gabriel Condorcanqui, wophunzira, wamalonda onyamula katundu pa nyulu, amene ankati ndi mdzukulu wa mafumu a Inca, amene ankalamulira Peru atsamunda asanafike, ndipo anatenga dzina la Túpac Amaru. Anthu ake ankavutika ndi mita, yomwe inali thangata ya m'migodi: chaka chilichonse mwamuna mmodzi pa asanu ndi awiri alionse ankatengedwa kupita kukakumba siliva ku Potosí, ulendo wa masabata ambiri wapansi. Kuwonjezera apo bwana wa boma m'dera ankawagulitsa anthu nsalu ndi nyulu mokakamiza, pa mtengo umene iye wafuna, munthu afune asafune. Msonkho wa malonda nawo unakwera kufika 6 pa 100 iliyonse. Condorcanqui anayamba wapita ku Lima mu 1777 kukadandaula mwa malamulo, koma sanamumvere.

Mu Novembala 1780 anagwira bwana wa dera lake, Antonio de Arriaga, n'kumunyonga pamaso pa anthu. Anaitana ma criollo kuti akhale naye, ponena kuti onse anabadwira m'nthaka imodzi. Ena anamumvera poyamba. Koma pa nkhondo ya ku Sangarará tchalitchi chimene adani ake anabisalamo chinapsa, munafa ma criollo ambiri, bishopu wa ku Cusco anamuchotsa mu mpingo, ndipo azunguwo anathawira kwa mfumu ya ku Spain onse. Pa 18 Meyi 1781 anamupha pabwalo la Cusco atamuonetsa imfa ya mkazi wake Micaela Bastidas ndi ya mwana wawo wamkulu. Anamudula lilime, anamanga manja ndi miyendo yake ku mahatchi anayi, thupi litakana kuduka anamudula mutu. Kumwera Túpac Katari anazinga La Paz miyezi yambiri chaka chomwecho. Olemba mbiri ambiri amati anthu pafupifupi 100,000 anafa m'nkhondo zimenezi.

Zotsatira zake n'zimene zimandikhudza. Ma criollo a ku Lima anachita mantha oti sanawathe. Mu 1810, ena onse akudzuka, Peru inakhala linga la mfumu. Ufulu anachita kuwabweretsera a kunja: San Martín analowa mu Lima mu 1821 kuchokera ku Chile, ndipo nkhondo yomaliza, ya ku Ayacucho pa 9 Disembala 1824, anaitsogolera ndi Sucre wa ku Venezuela. Ambiri mwa asilikali a mfumu pa tsikulo anali ana a ku Peru komweko, eni nthaka.

NaBanda

Achimwene a ku Harare, zikomo. Ine ndimachita geni ya chimanga, ndiye mbali imene ndinaigwira mtima powerenga ndi ya ku Mexico, chifukwa kumeneko nkhani inali ngongole ndi njala.

Ku Mexico nthawi imeneyo kunalibe mabanki. Wobwereketsa ndalama unali mpingo. Mlimi kapena mwini mgodi ankakongola, kuika munda chikole, n'kumalipira chiwongoladzanja cha 5 pa 100 pa chaka, ndipo bola akulipira palibe ankamufunsa za ndalama yaikuluyo. Ngongole ina inkachoka kwa bambo kufika kwa mwana. Kumapeto kwa 1804 mfumu inalamula kuti ngongole zonsezo zibwezedwe, ndalamazo zitumizidwe ku Spain. Amene wachitapo bizinesi ndi ndalama yobwereka akudziwa tanthauzo lake. Ndalama ili m'munda, ili m'ng'ombe, ili m'katundu, uitenga kuti lero? Minda inalandidwa n'kugulitsidwa motchipa, ndipo ndalama zoposa mapeso 10 miliyoni zinachoka m'dzikomo. Mmodzi mwa anthu amene minda yawo inagwidwa anali wansembe dzina lake Miguel Hidalgo.

Kenako mu Seputembala 1808 amalonda obadwira ku Spain, motsogozedwa ndi Gabriel de Yermo, anamugwira usiku bwanamkubwa Iturrigaray chifukwa ankamvera ma criollo ofuna komiti. Njira ya mtendere inatsekedwa ndi anthu a ku Spain eni ake. Pamwamba pa izo mvula inavuta mu 1808 ndi 1809, chimanga chinakwera mtengo koopsa, migodi ina inachotsa antchito chifukwa ngakhale nyulu zinalibe chakudya.

Hidalgo ndi kapitawo wa asilikali Ignacio Allende ankakonza zoukira mwachinsinsi ku Querétaro, akuganiza za gulu laling'ono la ma criollo. Chinsinsi chitaululika, mayi Josefa Ortiz de Domínguez anatumiza uthenga wowachenjeza, ndipo m'mamawa wa pa 16 Seputembala 1810 Hidalgo anaimba belu la tchalitchi cha ku Dolores. Amene anabwera sanali eni minda. Anali alimi osauka, eni nthaka, ogwira ntchito m'migodi, atanyamula zikwanje, mikondo ndi malegeni, kutsogolo kuli chithunzi cha Maria wa ku Guadalupe. Pasanathe masabata awiri anafika ku Guanajuato. Olemera a mumzindawo anadzitsekera ndi chuma chawo m'nkhokwe yaikulu ya miyala yosungiramo chimanga, Alhóndiga de Granaditas. Tangoganizani, anthu anjala ali panja, olemera ali m'nkhokwe ya chimanga. Chitseko chinatenthedwa, ndipo amene anali m'katimo anaphedwa osasankha kuti uyu wa ku Spain, uyu wobadwira konkuno.

Walira mvula walira matope. Ma criollo ambiri amene ankafuna kusintha anabwerera kwa bwanamkubwa tsiku lomwelo. Hidalgo anaphedwa mu Julayi 1811, ndipo mutu wake ndi ya anzake atatu inapachikidwa m'zikwere zachitsulo pa ngodya zinayi za nkhokwe ija kwa zaka khumi. Amene anadzamaliza ntchito mu 1821, Agustín de Iturbide, anali msilikali yemwe anatha zaka akusaka otsatira a Hidalgo ndi a Morelos, wansembe amene anapitiriza nkhondoyo Hidalgo ataphedwa. Anatembenuka pamene boma la ku Spain linayamba kukhudza katundu ndi maufulu a mpingo ndi asilikali.

Kondwani

Akuluakulu, ndapindula, koma ndikuona ngati tikuwachepetsa anthuwa, ngati kuti onse ankangoteteza matumba awo. Analipo ena amene anavutikira maganizo. Antonio Nariño wa ku Bogotá anali ndi chuma ndi udindo, koma cha m'ma 1793 anamasulira m'Chisipanishi chikalata cha maufulu a munthu cha ku France n'kuchisindikiza pa makina ake. Analandidwa katundu, ndipo zaka zambiri za moyo wake zinathera m'ndende. Mmodzi mwa ansembe othamangitsidwa mu 1767, Juan Pablo Viscardo wa ku Peru, analemba kalata youza anzake kuti kwawo ndi ku America, osati ku Spain, ndipo Francisco de Miranda, womenyera ufulu wa ku Venezuela, ndiye anaifalitsa. United States inali itasonyeza kale mu 1776 kuti zimatheka.

Ndivomereze mbali imodzi: Miranda atafika ndi sitima zake ku Coro, ku Venezuela, mu 1806 kuti anthu adzuke, anapeza mzinda wopanda anthu, onse atathawa. Maganizo analipo koma nthawi inali isanakwane.

Chimene sitinachitchule ndi anthu akuda. Akapolo a ku Haiti anaukira mu 1791 ndipo pofika 1804 anali ndi dziko lawo. Kwa eni minda a ku Caracas nkhaniyo inali chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, makamaka José Leonardo Chirino atatsogolera akapolo kuukira pafupi ndi Coro mu 1795. N'chifukwa chake boma loyamba la Venezuela linasiya ukapolo uli pomwepo ndipo linapatsa mavoti eni katundu okha. Osauka anaona kuti ufulu umenewu ndi wa mabwana awo. Oweta ng'ombe a m'zigwa, ambiri akuda ndi osakanizika, anatsatira José Tomás Boves kumenyera mfumu, ndipo mu 1814 anamuthamangitsa Bolívar mu Caracas.

Bolívar anakapeza pothawira ku Haiti. Pulezidenti Alexandre Pétion anamupatsa mfuti, sitima ndi makina osindikizira, pempho lake linali limodzi, kuti amasule akapolo. Atabwerera mu 1816 anayamba kulonjeza ufulu kwa akapolo olowa usilikali, ndipo okwera mahatchi a m'zigwa aja anabwera mbali yake motsogozedwa ndi José Antonio Páez. Kupambana kunayambira pamenepo. Komabe ukapolo ku Venezuela unadzatha mu 1854, Bolívar atamwalira kalekale.

Nachisale

Zikomo nonse, ndamuwerengetsa mwanayo ndipo nkhani ya nkhokwe ija yamukhudza kwambiri. Wafunsanso kuti, poti ankati akusungira Fernando ufumu, bwanji sanamubwezere atatuluka? Nanga Cuba bwanji inatsalira?

Mbewe wa ku Dedza

Mayi, mpata wogwirizana unalipo ndipo Spain inautaya kawiri. Ku Cádiz kunakhala nyumba ya malamulo yomwe inali ndi nthumwi za ku America, ndipo mu 1812 inalemba malamulo oyendetsera dziko onena kuti a mbali zonse ziwiri za nyanja ndi mtundu umodzi. Koma a ku Spain anadziwa kuti anthu a ku America ndi ochuluka kuposa iwo, ndiye anakana kuwerengera anthu a magazi a ku Africa ngati nzika, kuti mipando ya America ichepe. Nthumwi za ku America zinaona chinyengocho.

Kenako Fernando anabwerera mu 1814. Anthu amene anafera dzina lake ankayembekeza kuti awathokoza. Iye anafafaniza malamulo a 1812, anamanga amene anawalemba, ndipo mu 1815 anatumiza Pablo Morillo ndi asilikali pafupifupi 10,000. Morillo anazinga mzinda wa Cartagena, ku Colombia ya lero, mpaka anthu anafa ndi njala m'misewu, ndipo ku Bogotá anawombera ophunzira a mumzindawo mmodzimmodzi, pakati pawo Camilo Torres ndi katswiri wa sayansi Francisco José de Caldas. Mu 1817 asilikali a mfumu anawomberanso mtsikana wosoka zovala, Policarpa Salavarrieta, chifukwa chopereka uthenga kwa oukira. Mabanja amene mu 1810 ankangofuna komiti yawoyawo, pofika 1817 anali ataika maliro, ndipo za mfumu sankafunanso kumva. Ine ndimati ufulu wa ku South America Fernando anaukankha ndi manja ake kuposa buku lililonse la ku France, ngakhale a Kondwani mwina atsutsa. Gulu lina lankhondo limene Fernando ankati alitumize ku America linaukira lisanakwere sitima, mu Januwale 1820, motsogozedwa ndi Rafael del Riego, ndipo kuchokera pamenepo asilikali a mfumu ku America anatsala okha.

Za Cuba zikugwirizana ndi zimene a Tembo ndi a Kondwani anena. Minda ya nzimbe ya ku Haiti itapsa, msika wa shuga unagwera m'manja mwa eni minda a ku Cuba. Analemera mwadzidzidzi, ndipo sitima za akapolo zinkatsitsa anthu ku Havana chaka ndi chaka, ngakhale malondawo ataletsedwa pa pepala. Munthu wokhala pakati pa akapolo mazanamazana, Haiti ili tsidya lomweli, ankafuna asilikali a mfumu pafupi. Mu 1812 mmisiri wa matabwa wakuda, mfulu, José Antonio Aponte, anakonza zoukira ndipo ananyongedwa, mutu wake n'kuikidwa poonekera. Eni minda anasankha shuga ndi mfumu. Nkhondo ya ufulu inadzayamba pa 10 Okutobala 1868 kum'mawa kwa chilumbacho, kumene minda inali yaing'ono ndi akapolo ochepa, pamene Carlos Manuel de Céspedes anamasula akapolo ake n'kuwapempha kuti amenye naye limodzi. Nkhondoyo inatha zaka khumi osapambana. Ukapolo unathetsedwa mu 1886, José Martí anayambitsanso nkhondo mu 1895, ndipo Spain inachoka mu 1898 United States italowerera n'kutenga Puerto Rico ndi Philippines.